Kaseti ya Agogo Ako

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba masana ano patebulo la kukhitchini, pomwe iwe ndi abambo ako mwapita ku Lafayette Road kukafuna sutukesi ina popeza yoyamba ija yakana kutseka. Ndinakuuza kuti mabuku sapindika ngati zovala, koma sunamve. Pobwera mupeza nditanyamuka, lero ndikulowa ntchito 3 koloko. Kalatayi uipeza papilo pako pamodzi ndi kakatoni komanga ndi mphira. Usatsegule kakatoniko usanamalize kuwerenga. Ndikudziwa kuti Chichewa cholembedwa umachiwerenga ngati munthu woyenda paminga, koma limbikira wekha, usapite nayo kwa abambo ako kuti akuwerengere. Ndinayamba kuilemba m'Chingerezi, koma inkamveka ngati lipoti la wodwala, ndiye ndinang'amba.

Mawa ukukwera ndege kupita ku Manila, zaka ziwiri, kukafufuza mbiri ya anthu a ku Philippines azungu asanafikeko. Nkhani imeneyi ndaiuza aliyense, kuntchito, kutchalitchi, ngakhale mayi wogulitsa nsomba zouma, ndipo nthawi iliyonse imandizizwitsa ineyo kuposa womvayo. Mwana wobadwira pa kachipatala ka ku Dedza, amene anafika ku South Bend ali ndi zaka zinayi akulira kuti mphepo ikumuluma makutu, ndiye akukawerenga zakale za anthu a zilumba za kumapeto kwa dziko. Koma sindikulemba kuti ndikuyamikire, zoyamikira unamva zokwana Lamulungu lapitali. Pali chinthu chimene ndinakunamiza, ndipo bodzalo unalilemba m'pepala lako la kuyunivesite, dzina langa lili m'munsi ngati mboni. Sindifuna uwoloke nyanja utalisenza. Ndifikako, koma undilole ndiyambe ndi zopepuka.

Ukukumbuka tsiku lija unabwera pa basi kuchokera ku South Bend, chaka chako chachiwiri cha kuyunivesite, ife titangosamukira kuno ku Indianapolis? Unadikira tidye kaye, kenako unati zamankhwala wasiya, ukufuna kuphunzira mbiri. Ine ndinaika supuni pansi n'kufunsa ngati mbiri amaidya. Ndinati anthu tinasiya kwathu, tikupukuta nkhalamba za eni ake, kuti mwana akaphunzire za akufa? Iwe unkayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, ine ndikukalipa m'Chichewa, abambo ako ali pakati ngati womasulira wa kukhoti. Miyezi itatu sindinakuimbire foni. Amayi anzanga kutchalitchi akafunsa ndinkati udakali pa zamankhwala ndipo zikuyenda bwino.

Ndinagonja tsiku limene unatiitana kudzakumvera ukufotokoza ntchito yako pamaso pa aphunzitsi ako. Ndinabwera mokokedwa, ndinakhala kumbuyo chikwama chili pamiyendo ngati wodikira basi. Unazimitsa magetsi n'kuonetsa pakhoma chithunzi cha kachitsulo ka mkuwa, kopyapyala, kokhwinyata, kodzaza ndi tizilembo topindikapindika. Unati anakapeza munthu wamba wokumba mchenga mumtsinje, ndipo kanalembedwa zaka zoposa chikwi zapitazo, azungu asanalote n'komwe kuti kuli zilumba zimenezo. Pali mayina a anthu, mayina a malo, mpaka tsiku lake. Ine ndinaphunzitsa sitandade 6 kwa zaka zisanu ndi zitatu tisanabwere kuno, ndipo ndinkauza ana a eni ake kuti mbiri ya anthu ngati ife imayamba pamene mzungu anatsika m'ngalawa atagwira cholembera. Ndinkawalembera pabolodi, ndinkawachonga akabwereza. Tsiku limenelo ndinamva ngati pansi pa mpando wanga pali chitsime chakuya chimene ndakhala ndikuchikhalira osadziwa.

Kenako unaonetsa mtsuko wa maliro umene unapezeka m'phanga. Pachivundikiro pake pali tianthu tiwiri tadothi m'bwato, wakumbuyo akupalasa, wakutsogolo wapinda manja pachifuwa. Manja amenewo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Ndi momwe ndimapindira manja a okalamba anga akatisiya, ndi momwenso tinkapindira kwathu. Woumba mtsukowo anamwalira kalekale Yesu asanabadwe, sanamvepo za Dedza, koma iye ndi ine tikanakumana pa maliro tikanagwira ntchito limodzi osafunsana. Ndinalira mpaka mayi wachizungu woyandikana nane anandipatsa kansalu. Tsono langizo langa loyamba ndi ili: usakanyoze kanthu chifukwa kakuoneka kopanda ntchito, monga ndinanyozera ine maphunziro ako. Wokumba mchenga uja akanatha kuponya kachitsulo kaja kutchire n'kupitiriza ntchito yake. Ukakaona pepala lodyeka ndi njenjete pansi pa bokosi, kapena nkhalamba yopanda mano imene anzako aidumpha, ima kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwe kudekha sunatengere kwa ine, ndiye udzikakamize.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunachitikira kuntchito, ndipo sindinakuuzepo. Kunyumba yosungira okalamba kuja anatibweretsera bambo wina wa ku Philippines, wamfupi, wa manja okhakhala ngati a mlimi. Masana aliwonse ankakhala pawindo n'kuyamba kuyankhula mokoka mawu, ngati akuimba ngati akuwerenga, akugogoda mpando ndi chala. Ankatha nthawi yaitali osapuma. Masiku atatu otsatizana ndinalemba m'fayilo yake kuti wodwala wasokonezeka, akuyankhula zosamveka. Adokotala ataona zimenezo anayamba kuganiza zomuonjezera mankhwala. Tsiku lachinayi Mayi Luz, nesi mnzanga uja wa ku Philippines amene amakutumizira makeke a mpunga, anabwerera kuchokera kutchuthi. Atalowa m'chipindamo anangoima njo. Anamvetsera, kenako anawerama, natenga dzanja la bamboyo n'kuligunditsa pachipumi pake, momwe kwawo amalonjerera akuluakulu. Anatembenuka n'kundiuza kuti chiyankhulocho si chake kwenikweni, n'cha kumapiri a kumpoto, koma mayina akuwamva. Bamboyo ankatchula makolo ake mmodzimmodzi, uyu anabala uyu, uyu ndiye anasema munda wakuti m'phiri. Mayi Luz anawerenga ndi zala mpaka zala zinatha, bamboyo akadapitirirabe osapunthwa. Munthu woiwala kuti wadya kale nkhomaliro, koma makolo ake onse ali pamzere m'mutu mwake. Ndinaima pamenepo ndi tebulo langa la mankhwala, ndikudziona kuchepa.

Lamulo la ntchito yathu ndi loti zolembedwa m'fayilo sufufuta. Umangodula mzere umodzi pamwamba pake kuti ziziwerengekabe, n'kulemba zoona m'munsi, n'kusaina. Choncho mawu anga aja alipobe mpaka lero. Wina akadzatsegula fayiloyo patatha zaka zana adzawerenga kuti namwino wophunzira anaona ndi maso ake munthu wosokonezeka. Tiyamike, ukamakawerenga mapepala a ansembe a ku Spain amene analemba za anthu a kumeneko, uzikakumbukira amako. Sindinali munthu woipa. Chiyankhulo sindinkachimva, miyendo inkandipweteka, ndipo ndinali ndi odwala ena khumi ondidikira. Pepala lililonse uzikalifunsa kuti unalembedwa ndi yani, ankamva chiyankhulo cha eni ake kapena ayi, ankaopa yani, ankafuna kusangalatsa yani. Chinthu sichikhala choona chifukwa chakuti chalembedwa bwino. Ndipo pamene sukumvetsa, funsa eni ake, paja safunsa anadya phula. Za malonje ajanso usakaiwale. Wamkulu akakupatsa kuseri kwa dzanja, litenge uliike pachipumi. Kugwada kwa kwathu unakulephera, umagwa ngati thumba la chimanga, mwina izi ukazitha.

Tsopano ndafika pamene ndimazengereza paja.

Khirisimasi yapitayi tinali awiri m'khitchini muno, ine ndikusenda mbatata, iwe utakhala pa kauntala pamene ndimakuletsa kukhala. Unkandifotokozera za amayi amene kumeneko ankawatcha babaylan. Unati ndiwo ankachiritsa, kubereketsa, kuyankhula ndi mizimu ya makolo, ndi kusunga nyimbo zitalizitali pamtima popanda buku. Ansembe atafika anawalemba kuti ndi afiti, zida zawo zinawonongedwa, ndipo ana awo enieni atabatizidwa anayamba kuchita manyazi kuwatchula. Kenako unayesa Chichewa chako chija. Unati, "Mami, ansembewo sandipweteka kwambiri, anali alendo. Koma anawo sindikuwa-understanda. Munthu ungachite bwanji manyazi ndi amayi ako?" Mpeni unandicheka chala. Iwe unathamangira pulasitala, unkaganiza kuti ndi ngozi chabe. Mwana amene sukumumvetsayo anali pamaso pako, magazi akudontha pa mbatata.

Ukukumbuka chaka chija aphunzitsi anakutumani kukajambula mawu a munthu wamkulu wa m'banja mwanu? Unaika kachojambulira kako patebulo, ine nditavala diresi ya kutchalitchi ndi kudzola milomo ngati kachipangizoko kali ndi maso. Unatchula tsiku ndi malo, kenako unafunsa kuti agogo anali munthu wotani. Ndinayankha kuti anali mayi wa mpingo, wofatsa, wotsogolera nyimbo za m'buku. Unakhoza bwino kwambiri. Pambuyo pake mawu omwewo unawaika m'kalata yopemphera malo a maphunziro amene ukupitirawa. Ndinaiwerenga kalatayo, ndinakuuza kuti yakoma.

Agogo ako aNambewe sanali ofatsa, ndipo buku la nyimbo sakanadziwa kumutu kwake. Anali namkungwi wa dera lathu lonse, amene ankalanga atsikana akatha msinkhu, komanso mzamba. Theka la anthu a m'mudzi mwathu anagwera m'manja mwawo pobadwa. Anali ndi mphini m'masaya ndi pachifuwa, ankafwenkha fodya, ndipo pakamwa pawo pankathawa ngakhale amuna oledzera. Mumpingo anawadula ine ndili mwana chifukwa anakana kusiya chinamwali. Akuluakulu a mpingo atabwera kudzawanyengerera, anawayankha kuti, "Akazi anu akamva kuwawa kwa mimba mumadzagogoda kwa yani, kwa abusa?" Anali ndi nyimbo zosawerengeka m'mutu, iliyonse ndi nthawi yake ndi tanthauzo lake, ndipo akayamba kuimba amayi okalamba ankaimirira ngati atsikana. Ine ndinapita kusukulu yogonera ya mishoni. Tsiku lina loona ana agogo akowo anabwera wapansi, opanda nsapato, atasenza mtedza ndi nzimbe. Anzanga atafunsa kuti mayi wa mphiniyo ndi yani, ndinati ndi munthu wa kumudzi kwathu amene amayi amutuma. Sindikudziwa ngati anamva. Mtedzawo ndinadya. Patapita zaka ndinkaima kutsogolo kwa kalasi kuphunzitsa mwambi woti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ana olakwitsa tanthauzo lake ndinkawapatsa chibalo.

Utatha msinkhu iwe, tili m'kanyumba kaja ka ku South Bend, ndinaimba foni kumudzi kukanena, monga mwa mwambo. Agogo ako sankadziwa kulemba, ndipo ndege anaiona m'mwamba mokha. Koma sanavomere kuti mdzukulu wawo akule ngati udzu, wopanda womulanga. Anabwereka wailesi ya kaseti, anagula mabatire, anaitana amayi anzawo awiri, anadzitsekera m'nyumba n'kujambula mwambo wako wonse, mbali zonse ziwiri za kaseti. Anapatsira bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene anapita kukaona abale, ndipo anamuchenjeza kuti akangoyerekeza kuiika m'wailesi makutu ake atupa. Bamboyo anandipatsa kasetiyo ataigwira ndi zala ziwiri. Ndinakaimvera m'galimoto, pamalo oimika magalimoto kuntchito, mawindo nditatseka. Ndinamva kuwomba m'manja, ndinamva mawu a amayi anga akuyambitsa nyimbo, ndipo ndinazimitsa isanathe nyimbo yachiwiri. Ndinaopa amayi abusa. Ndinaopa kuti ukaimba zimenezi kusukulu, anthu a boma adzagogoda pakhomo kufunsa kuti mwanayu mukumuphunzitsa chiyani. Koposa zonse ndinachita manyazi. M'malo mwake ndinakugulira kabuku ka kuchipatala kofotokoza za thupi la mtsikana, ndipo kasetiyo ndinaiponya m'dilowa.

Patapita miyezi ingapo kwaya yathu inkakonzekera Pasaka, ndipo tinafuna kudzijambula kuti timve pamene tikulakwitsa. Kaseti yopanda kanthu inasowa. Ndinatsegula dilowa ija. Pano ndikanakonda kulemba kuti sindinazindikire, kuti ndinasokoneza ndi ina, koma ndatopa nako kudula mizere. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndanyamula. Ndinaiika m'wailesi n'kudina batani lofiira, ndipo tinaimba madzulo onse, mbali yoyamba ndi yachiwiri, a alito akuphonya pomwe ankaphonya masiku onse. Agogo ako ataimbiridwa foni anafunsa kuti, "Mwana uja anamva?" Ndinati anamva, wathokoza kwambiri. Anati, "Basi, ndagwira ntchito." Anamwalira iwe uli kusekondale akukhulupirira kuti mawu awo anafika.

Chala chitapola, Januwale uja, ndinayamba kuifunafuna. Ndinagudubuza garaja yonse, abambo ako akuganiza kuti ndikusaka mbewa, mpaka ndinaipeza m'katoni ya nsapato za m'chisanu. Ndinagula wailesi yakale m'sitolo ya kaunjika. Ndinapirira kwaya ija yonse, mawu anga omwe akumveka pamwamba pa anzanga monyadira. Ndipo chakumapeto kwa mbali yachiwiri kwayayo inatha, kunamveka phokoso la batani, kenako m'chipinda mwanga muno mu Indianapolis munalowa nyumba ya amayi anga. Sitinadzaze tepi yonse, Tiyamike. Panatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

Uzimva wekha, kasetiyo ili m'kakatoni kaja, koma ndikulembera pano kuti Chichewa chawo chothamanga chisakusiye. Poyamba pali mchira wa nyimbo, amayi atatu akuseka, wina akutsokomola, mbuzi ikulira panja. Kenako agogo ako akusendera pafupi ndi wailesi n'kunena kuti: "Iwe Tiyamike, kaya Chichewa umamva kaya sumva. Ukapanda kumva amako akumasulira. Ndinawaphunzitsa zonse amenewo, amangodzipusitsa. Tsono tchera khutu udziwe kumene unachokera. Ine ndine Nambewe. Anandibala ndi Naphiri, woumba mbiya. Naphiri anabadwa kwa Nabanda, amene anawoloka Linthipe atabereka mwana kumbuyo pothawa nkhondo. Nabanda anabadwa kwa Nankhoma, wamtali, amene ankayitana mvula." Akupitirira choncho, mayi pambuyo pa mayi, aliyense ndi kanthu kake komudziwira. Atchula asanu. Akuyamba kutchula wachisanu ndi chimodzi, tepi ikutha pakati pa dzinalo.

Ndinakhala pansi, pa kapeti. Ine amene ndinkasirira bambo uja wa pawindo, ndikudzimvera chisoni kuti kwathu tilibe zotero, ndinali nazo m'katoni ya nsapato. Amayi asanu, mmodzi pamsana pa mnzake, kubwerera mpaka nthawi imene kunalibe sukulu, kunalibe msewu, kunalibe wolemba aliyense, ndipo onsewo anafika kuno ku Indiana kudzera pakamwa pa mayi wosadziwa kugwira pensulo. Mpaka lero ndimaziganizira zimenezi. Ndimaganizanso za ola lathunthu ndi kuposa limene ndinakwirira ndi mawu anga. Ansembe aja mwina anali ndi chowiringula, anali alendo monga unanenera. Ine ndinayamwa bere la munthu ameneyu. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikupempha kuti undiuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo.

Tsono tamvera, mwana wanga. Kumene ukupitako ukakumana ndi anthu onga ine ambiri. Akakulandira bwino, akavala zakutchalitchi, ndipo akakuuza kuti agogo awo anali ofatsa. Usakawatenge ngati abodza oti uwagwire. Usakawakhulupirirenso msanga. Munthu sabisa chinthu chopanda pake, pamene wafupikitsa yankho ndi pamene pali nkhani. Ubwerereko kachiwiri ndi kachitatu, udye nawo, uwathandize kutsuka mbale, uzimitse kachojambulira kako nthawi zina. Ine wandidikira zaka zonsezi osadziwa kuti ukudikira, ndipo chimene chinanditsegula pakamwa si funso la pa pepala, ndi mawu amene unanena utakhala pa kauntala. Usakafulumire kuweruza ana ochita manyazi aja. Mwina wina mwa iwo anasunga kanthu pansi pa katundu, osatha kukataya, osathanso kukaonetsa.

Ukumbukenso kuti si zonse zimene khutu lamva zoyenera kulembedwa. Zimene agogo ako anajambulazi ndi za akazi okhaokha, ndipo zina ndi za iwe wekha. Mayina asanuwo ukhoza kuwalemba paliponse, uwafuule ngati ukufuna. Nyimbozo ayi, si za m'buku, si za pa intaneti. Anthu a kumeneko nawonso ali ndi zawo zotero. Akakuuza chinthu chakuya, uwafunse kuti ichi n'chotuluka nacho panja kapena n'cha m'nyumba muno, ndipo akati n'cha m'nyumba, chisiye m'nyumbamo ngakhale chikanakupatsa dzina lalikulu kwa aphunzitsi ako. Pepala lako lija la agogo ofatsa usaliwotche. Ulichite monga timachitira kuntchito: dula mzere umodzi, zakale ziziwerengekabe, ulembe zoona m'munsi. Anthu adziwe kuti mboni inanama, adziwenso chifukwa chake, poti imeneyonso ndi mbiri.

Zinazi ndi zazing'ono koma uzimve. Mchemwali wa Mayi Luz akakudikira pabwalo la ndege, ndipo akakupatsa chakudya usakanene kuti wakhuta, ukadye ngakhale pang'ono. Ambulera usamasiyane nayo. Uzitiimbira Lamulungu lililonse, uwerengere bwino maola kuti usatidzutse, abambo ako akadzidzimuka ndi foni amayamba kufunsa kuti wamwalira ndani. Mpunga ukaudya mpaka ukaulota, usakadandaule pamaso pa eni ake. Ndipo tsitsi limenelo upeze wokuluka msanga, usakayende ngati wothawa moto.

Ndikuopa, Tiyamike, ndinene mosabisa. Ndikuopa kuti ukamaliza kalatayi undiona momwe umawaonera ana aja, ndipo unyamuka ndi maso amenewo kukakhala nawo zaka ziwiri kutali ndi ine. N'chifukwa chake ndathawira kuntchito m'malo mokuuza pamaso. Ndikanatha kukhala chete, ukanapita ukundikonda monga kale. Koma wasankha ntchito yofunafuna zoona za anthu akale, ndipo sindingalole kuti pepala loyamba labodza m'manja mwako likhale lochokera kwa amako.

Agogo ako sananame pamene anati ndimangodzipusitsa. Ndisanapite kusukulu ya mishoni anandilowetsa m'tsimba la chinamwali ngati mtsikana wina aliyense, ndipo anandilanga okha, mopanda kundinyengerera. Chiyambire Januwale ndakhala ndikuyesa kukumbukira ndikamayendetsa galimoto kupita kuntchito. Poyamba kunkabwera mawu awiri atatu, kenako nyimbo inayamba kukoka inzake. Pano ndafika pa khumi ndi imodzi, zina zathunthu, zina zoduka. Ndazizwa kuti zinali kuti zaka makumi anayi zonsezi. Si zonse zimene zinali pa kasetiyo, ndipo mawu anga si a Nambewe, koma padziko pano palibenso wina amene angakuimbire.

Kuchokera pano kukafika kubwalo la ndege ku Chicago ndi maola atatu, kapena kuposa ngati msewu wadzaza. Abambo ako ndawauza kuti mawa atsanzikane nawe pakhomo pompano, ndikuperekeza ndine. Anayamba kukana, akuti ine ndimaopa malole a mumsewu waukulu. Nditawauza kuti tili ndi mwambo wa akazi anangoti makutu awo amawakonda, atsala. Tinyamuka 7 koloko. Ukatsika m'mawa kachojambulira kali m'sutukesi, ndimva, tiyenda mwakachetechete ndipo sindidzakuimba mlandu. Koma ukafuna, kanyamule m'manja. Utchule tsiku ndi malo monga umachitira, undifunsenso za agogo ako, ndikuyankha zoona. Pofika pa nyimbo ukazimitse, zimenezo uzilandira ndi makutu ako monga ndinazilandirira ine. Wachedwa nazo zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha ine, koma ndi zako.

Mulungu amene anasunga mphindi zisanu ndi ziwiri zija akusunge nawenso pa nyanja ndi pa zilumba.

Ndine amako,
Esinati,
mwana wa Nambewe, namkungwi.